Odi Wopanda Odini

Pa Nathenje panali munthu wina, telala, amene ankasokera pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msewu waukulu. Anali munthu wosamala. Chovala chikachoka m'manja mwake sichinkakhala ndi ulusi wolendewera kapena batani logwedera. Akaona kabowo pamalaya a munthu wongodutsa, mtima unkamuwawa mpaka munthuyo atazimiririka.

Mkazi wake, Nachisale, anamwalira mu Febuluwale mvula ili mkati, ndipo anakamuika kwawo ku Linthipe. Anasiya mwana mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, dzina lake Sungeni.

Kuyambira tsiku la maliro Sungeni anasiya kulankhula zambiri. Ankapita kusukulu, ankabwera, ankasesa, ankachapa. Ukamufunsa ankayankha. Koma kuyamba yekha nkhani, ayi. Anthu a pamsika anayamba kunong'onezana kuti mwana wa telala mutu wayamba kumuvuta. Telala ankamva zonsezo, chifukwa phokoso la mashini silitseka makutu monga anthu amaganizira.

Atsibweni a Sungeni, a Chisale, mlongo wake wa malemu, nawonso anamva. Anabwera kawiri pa njinga yamoto. Ulendo wachiwiri sanazungulire.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Mwanayu ndi wa kwathu. Tinakusiyirani chifukwa cha sukulu. Koma akamafota chonchi tidzamutenga. Kwathu kuli amayi ake aang'ono, kuli abale ake. Mwamuna yekha sangalere mtsikana wolira."

"Salira," anatero telala.

"N'chimene chikutiopsa."

Anagwirizana kuti nkhaniyo adzaimaliza mu Seputembala, tsiku lovundukula chiliza cha Nachisale. Telala anamvetsa bwinobwino kuti tsiku limenelo abale a mkazi wake sadzayang'ana chiliza. Adzayang'ana mwanayo. Ndipo mwanayo ndiye yekha amene anamutsalira.

Mu Ogasiti Sungeni anabwereka kakiyibodi ka kwaya ya achinyamata, kaja koyendera mabatire, n'kubwera nako kunyumba. Masabata awiri athunthu ankangodina malo atatu okhaokha. Telala anaganiza kuti mwina kachipangizoko n'kowonongeka, koma sanafunse. Lamulungu lina masana, atachokera kutchalitchi, mwanayo anaima pakhomo la chipinda chake.

"Bambo, khalani pansi mumve."

Aka kanali koyamba kuyamba yekha nkhani chimwalirire amayi ake. Telala anakhala pansi mofulumira ngati mwana wasukulu.

Sungeni anadina malo atatu aja, kuchokera pamwamba kutsikira pansi, n'kuimba mawu awiri: "Odi, amayi." Kenaka anakweza manja. M'nyumba munati zii. Anadinanso malo omwe aja, n'kuimba mawu omwe aja, n'kukwezanso manja. Ulendo uno bata linatalikirapo. Telala anamva nkhuku ikupalasa kuseri. Kachitatu anamva lole ikusintha giya kumsewu. Kachisanu anamva mtima wake. Atafika kachisanu ndi chiwiri, bata linatalika mpaka munthu wamkulu uja anayamba kusunthasuntha pamene anakhalapo. Ndipo Sungeni anazimitsa kiyibodi.

"Yatha?" anafunsa telala.

"Yatha."

"Nanga ndime yachiwiri?"

"Palibe."

"Kolasi?"

"Palibe, bambo."

"Nanga pamene ukumakhala chetepo, waiwala mawu?"

"Sindinaiwale. Poyamba inali ndi ndime zinayi. Za kumwamba, za kuoloka mtsinje, za tidzaonananso. Ndinazichotsa imodziimodzi, chifukwa zonsezo zinali zoimba anthu ena pa maliro a anthu ena. Chimene ndinalephera kuchotsa ndi ichi. Aphunzitsi athu anatimvetserapo nyimbo za masiku ano zopangidwa chonchi. Mawu ochepa, obwerezabwereza, mpaka khutu liyambe kumva zimene zili pakati pake."

"Pakatipo pali chiyani?"

"Pamenepo ndi pa amayi."

Telala sanafunikire kufotokozeredwa. Zaka zonse zija mwanayu akamachokera kusukulu ankakuwa akadali pampanda, "Odi, amayi!" Ndipo Nachisale, kaya ali kuseri, kaya ali m'dimba, ankayankha "Odiniii!" mokoka ngati akuimba, mpaka agalu a anansi ankadzuka.

"Koyamba ndikudikira kupuma kamodzi," anatero Sungeni. "Kachiwiri, kawiri. Mpaka kasanu ndi kawiri. Ndikufuna ndikaimbe pachiliza. Koma munthu asayankhe, bambo. Ndakuuzani inu chifukwa inu nokha ndi amene mukudziwa."

Telala anatuluka panja, anaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, napukuta nkhope ndi malaya. Atabwerako anati, "Palibe amene adzayankhe, mwana wanga. Ndalonjeza."

Analonjeza ndi mtima wonse. Mantha anabwera Lolemba, ali pamashini.

Kwathu kuno nyimbo ndi ya anthu awiri, woyambitsa ndi wovomera. Munthu akayambitsa nyimbo anzake n'kukhala chete, timati nyimbo yagwa, ndipo woyambitsayo amakhala pansi atagwira manyazi m'manja. Telala ankadziwa zimenezi ndi thupi lake. Ali mnyamata anayambitsapo nyimbo pa maliro ena, mokweza kwambiri, anthu n'kungomuyang'ana. Anaimba mzere umodzi yekha, n'kuumeza wachiwiri. Panali patapita zaka makumi awiri ndi zisanu, koma akakumbukira makutu ankamutenthabe.

Ndiye odi, odi ndiye woposa nyimbo. Odi sasiyidwa m'mwamba. Ngakhale pakhomo pa munthu amene munakangana naye dzulo, ukati odi amati odini, zokangana pambuyo.

Akupalasa mashini, telala ankaona tsikulo m'maso mwake. Mwana wake ataima yekha pamanda, pamaso pa mudzi wonse wa Nachisale. Akuti odi pa chiliza. Akuyang'ana pansi, kudikira. Akutinso odi. Ankawamva kale akuluakulu akunong'onezana: mwanayu akugogoda pamanda, akufuna kulowa, akutsatira mayi wake. Ankawaona kale a Chisale akumuyang'ana iye, mkamwini, ndi maso oti tinanena ife. Tsiku limenelo anasoka thumba la thalauza mozondoka, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito.

Lachinayi anali ndi malaya oyera asanu ndi limodzi a amayi a mpingo oti akapereke. Anawapinda bwino, anawaika m'jumbo, napita kwa mayi Nagama, mkulu wa amayiwo, amene anali mnzake wapamtima wa malemu.

"Odi!"

"Odini, odini! Bambo a Sungeni, fikani. Mwabwera nawo? Muone langalo musalichepetse, sindinayambe kuonda ine."

Yankho linafika asanatseke n'komwe pakamwa, ndipo telala anamva mtima wake ukukhala pansi. Umu ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira, anatero mumtima. Atapereka malaya aja sanatsanzike. Anakhala pa mpando, nayamba kufotokoza za nyimbo ija. Ananena za malo atatu, za mawu awiri, za bata lija. Zoti batalo ndi la Nachisale, ndiponso zoti iye analonjeza, sananene.

Mayi Nagama anaseka mpaka anagwira m'nthiti.

"Nyimbo ya mawu awiri? Ana a masiku ano ulesi wafika mpaka pa kuimba! Ndiye akangoti odi n'kumayang'ana ngati akudikira minibasi?"

"Ndi mwana, mayi. Sakudziwa mmene anthu adzaonere."

"Ndipo kumeneko n'kwa eni. Aja a kwa Chisale pakamwa sapumitsa." Mayiwo analeka kuseka. "Musadandaule, bambo a Sungeni. Mwana wa Nachisale sangagwe ife tilipo. Mnzanga uja angandifunse kuti iwe unali kuti. Tiika mawu ovomera, tiikonza bwinobwino, ngati mmene mumaikira chigamba inu, osaoneka pamene mwalumikiza. Awiri oyamba aimbe yekha. Akati odi kachitatu, ife talowa."

"Koma asadziwe."

"Akadziwa n'kutani? Adzathokoza pambuyo pake."

Masabata otsatirawo Sungeni anayamba kutsitsimuka. Ankabwera pakhonde la sitolo akaweruka kusukulu, n'kumathandiza kumasula misoko. Tsiku lina anaseka mokweza atamva kasitomala wina wonenepa akulumbira kuti thalauza lake lachepa lokha m'sutikesi. Telala anamva kuseka kumeneko ngati madzi ozizira pakhosi. Koma sankatha kumuyang'ana mwanayo m'maso.

Kamodzi ananyamuka kuti akathetse zimene anapangana. Anafika mpaka pa mjigo wa pafupi ndi kwa mayi Nagama. Ali pomwepo anamva amayi akuyeserera kuseri kwa mpanda, mawu awo akulukana bwino, maseche akugunda pansipansi. Inali yokoma. Inamveka ngati nyimbo yeniyeni, yoti munthu sangaiseke. Anaima pang'ono, kenaka anabwerera.

Tsikulo linafika. Anakwera lole m'mamawa, telala, Sungeni atafungatira kiyibodi, ndi amayi a mpingo makumi awiri atavala malaya oyera. Ku Linthipe dzuwa linali litakwera kale pamene anthu analowa kumanda. Abale a malemu anakhala mbali imodzi pansi pa mitengo, alendo mbali ina. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pa chiliza, amayi ena anasisima. Kenaka a Chisale anaimirira.

"Mwana wa malemu ali ndi kanyimbo. Timumvere."

Sungeni anaika kiyibodi pa mpando, nagwada kumbuyo kwake. Anadina malo atatu aja.

"Odi, amayi."

Kupuma kamodzi. Anthu anali asanakhazikike, ena akukonzabe zitenje.

"Odi, amayi."

Kupuma kawiri. Ndipo telala anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Mng'ono wake wa Nachisale, amene anakula naye nyumba imodzi, anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. A Chisale anatsitsa mutu, chipewa chili m'manja. Anthu aja ankamudziwa Nachisale asanakhale mkazi wa munthu. Ankadziwa mmene ankayankhira pakhomo. Palibe amene anawauza kanthu, koma onse anali kumvetsera malo amodzi.

"Odi, amayi."

Apa ndi pamene amayi a mpingo anayenera kulowa. Sanalowe. Mayi Nagama anali atakweza maseche, koma dzanja linaima m'mwamba. Nawonso anali atamva. Anatembenuka n'kuyang'ana telala, maso akufunsa: tilowe, kapena tisiye?

Zinali m'manja mwake. Akanangopukusa mutu.

Kupuma koyamba kunadutsa. Kwachiwiri, munthu wina kumbuyo anatsokomola. Mwina linali fumbi chabe. Koma telala m'chifuwa chimenecho anamva msika wonse wa Nathenje, anamva mudzi wonse wa Chisale, anamva mawu ake omwe ali mnyamata akufera m'mwamba. Anaganiza za odi wachinayi, wachisanu, wachisanu ndi chiwiri, bata likukulirakulira, mwana wake ali yekha pakati pake.

Anagwedeza mutu movomera.

Maseche anagwa. Mawu makumi awiri anatuluka pamodzi: "Odini, mwanawe, leka kulira, amayi ako ali kwa Mbuye!" Anabwereza, nawonjezera ndime. Wina anaimba nthungululu. Anthu a m'mudzi anaigwira msanga, chifukwa inali yosavuta, nayamba kuomba m'manja. Ngakhale abusa anagwedeza phazi. Manda onse anadzaza ndi nyimbo mpaka panalibe poponda.

Manja a Sungeni anali akadali m'mwamba, pamwamba pa kiyibodi. Sanayang'ane amayi oimbawo. Anayang'ana bambo ake. Sanakwinye nkhope, sanalire. Anangowayang'ana mpaka nyimbo inatha, kenaka anazimitsa kiyibodi, anawerama mwaulemu kwa akuluakulu, nakakhala pansi. Ma odi anayi otsala aja sanaimbidwe.

Pochoka kumanda anthu anamuzungulira telala. Anamugwira chanza amuna, anamugwira chanza akazi. Mwalera bwino, bambo. Mwana waluso. Nyimbo imeneyi tiziimba ngakhale kutchalitchi. Pomaliza anabwera a Chisale, maso ali ofiira, namugwira ndi manja awiri.

"Alamu, ndinakuganizirani molakwa. Mwana ali bwinobwino. Zija tinakambirana zija tiiwale. Khalani naye."

Telala anafuna kuyankha, koma Sungeni anali atafika kale. Anagwada pafupi ndi atsibweni ake.

"Atsibweni, ine nditsala konkuno."

A Chisale anadabwa. "Iwe, bambo akowa ndawauza kale kuti..."

"Ndamva. Koma ndikupempha ndine."

"Nanga sukulu?" anatero telala.

"Kunonso kuli sukulu, bambo."

A Chisale anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, nachokapo mwakachetechete kuti awiriwo alankhulane. Telala ndi mwana wake anaima kuseri kwa lole, pamene panali kamthunzi.

"Ndimaopa kuti akuseka," anatero telala.

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndimaopa kuti akanena kuti wadwala mutu, akulanda kwa ine."

"Ndikudziwa. Ndipo aimba bwino."

"Tidzabwerenso tsiku lina, awiriwiri. Popanda munthu. Udzaimbe yonse mpaka kumapeto, ine ndidzakhala chete. Ndikulonjeza."

Mawu omalizawo atatuluka, telala anawamva yekha mmene anamvekera. Sungeni sanamukumbutse. Anali mwana woleredwa bwino.

"Sizingathekenso, bambo. Ndayesa mumtima pamene timachoka kumanda paja. Ndikati odi, ndikumva mayi Nagama."

Anapereka kiyibodi ndi manja awiri, kuti akabweze kwa eni ake. Anati zovala ndi mabuku atsibweni adzazitenga ndi njinga yamoto. Anafunira bambo ake ulendo wabwino, napita kukathandiza amayi ake aang'ono kutsuka mbale za alendo.

Telala anakwera lole. Kuchokera ku Linthipe mpaka pa Nathenje amayi aja anaimba nyimbo yawo yatsopano, mokondwa, mobwerezabwereza, wina akuyambitsa odi, ena onse akuvomera nthawi yomweyo. Mayi Nagama okha sanaimbe. Iwo ndi telala anakhala moyang'anana njira yonse, aliyense akuyang'ana matabwa a pansi.

Makolo anzanga, munthu uyu sanali woipa, ndipo sanali wosamvetsa. Anamva, anamvetsa, analira, analonjeza. Chinamugonjetsa ndi chifuwa cha munthu mmodzi wokhala kumbuyo. Ambiri a ife ana athu akadali aang'ono, ndipo tayamba kale kuwamalizira mawu, kuwayankhira mlendo akafunsa, kuthamangira kudzaza paliponse pamene akhala chete, poopa kuti anthu ati chiyani. Lidzafika tsiku limene mwana wanu adzakuonetsani chinthu chochepa, chooneka chosamalizidwa, n'kunena kuti apa musakhudzepo. Mantha anu adzabwera atavala nkhope ya chikondi, ndipo adzakhala ndi zifukwa zomveka. Musayembekezere kuti mukalakwa wina adzakudzudzulani kuti mudziwe. Adzakuyamikani. Telala uja anamugwira chanza anthu makumi anayi tsiku limene anataya mwana wake.